Jeke Imodzi, Mabanja Atatu

Ndikukumbukira fungo la chigafa chathu chakufupi ndi Chamama m'mwezi wa Juni: fodya wouma, ziguduli zatsopano ndi girizi amene bambo ankapaka pa jeke. Jeke imeneyi, chitsulo chopanikizira fodya m'bokosi kuti atuluke belo, inali imodzi yokha pa mabanja atatu. Anasonkherana kugula a Phiri, bambo anga a Banda ndi amuna a azakhali anga a Nabanda. Amuna awowo anamwalira jekeyo isanachite n'komwe dzimbiri. Lamulo lake linali lakalekale: banja lililonse tsiku lake lathunthu, kuyambira wamkulu. A Phiri Lachiwiri, ife Lachitatu, azakhali Lachinayi, ndipo Lachisanu m'mawa lole inkabwera kudzatenga mabelo kupita nawo ku okushoni.

Chaka chimenecho ndinali Sitandade 6. Lolemba madzulo kunabwera uthenga wakuti mawa lake tonse tikaime m'mbali mwa msewu ku Boma kuchingamira akuluakulu a chipani. Masiku amenewo uthenga wotere sunkafunsidwa mafunso. Tinapita, tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, galimoto zinadutsa ngati mphepo, ife n'kubwerako mapazi atatuwa ndi fumbi. Lachiwiri linatha choncho.

Masiku anatsala awiri, mabanja atatu. A Phiri anangosuntha tsiku lawo kulipititsa Lachitatu, lathu n'kukhala Lachinayi, la azakhali n'kugwera m'madzi. Lole ina inali yodzabwera patapita milungu itatu, ndipo denga la chigafa cha azakhali linali lobookabooka, moti fodya wawo akanachita nkhungu ndi mame. Ndinawaona bambo akusowa mtendere. Kupereka tsiku lathu kwa mlongo wawo kukanakhala kutaya thukuta la mayi la chaka chonse. Kusapereka, n'kumuyang'ana bwanji kumaso? Azakhali sanadandaule. Anangoti, "Musavutike achimwene, Mulungu aona," koma maso ali pansi.

Lachitatu m'mawa ndinakhala pakhomo la chigafa n'kumaonerera a Phiri ndi ana awo. Ine chibadwire ndine munthu wosakhazikika mtima ndikaona chinthu chikungokhala, ndipo chimene ndinaona chinandiyabwa. Nthawi yambiri jeke ija sinkagwira ntchito. Ankayala fodya m'bokosi, kupanikiza, kusoka chiguduli, kutulutsa belo, kenaka onse n'kubwerera kukasankha fodya wa belo lina, kuyeza pa sikelo, kukangana za magiredi, kumwa thobwa. Nthawi yonseyo bokosi lili kukamwa yasa. Ndinayamba kuyimba chamumtima nyimbo ya kusukulu kuti ndiyeze. Jeke ikakhala pa ntchito ndinkaimaliza kanayi. Ikakhala chabe ndinkafika kakhumi mpaka kutopa nayo.

Ndinakawanong'oneza bambo. Anandiyang'ana nati, "Esinati, nzeru ndi zako, ukanene wekha." Mwana wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri kukaphunzitsa a Phiri kudinda fodya! Ndinapita, ndinagwada poteropo.

"Agogo, pamene mukusankha fodya, jeke ikumangokhala. Bwanji azakhali azidindako belo limodzi pakatipo? Tsikuli ndi lanu ndithu. Mukamabwera ndi fodya wanu muziipeza yopanda kanthu."

A Phiri anaseka mpaka kutsokomola. "A Banda, mwanayu mukumudyetsa chiyani? Nanga tsamba la a Nabanda likalowa m'belo langa, ku okushoni akalibweza kuti ndi losakaniza, adzandilipira ndi iyeyu?"

"Ndizisesa m'bokosi belo lililonse likatuluka. Simupezamo ngakhale kafumbi."

Anakanda m'mutu. Sanali munthu woipa, ankangokonda kuti ukulu wawo uzioneka. "Chabwino. Koma ndikangoipeza ili ndi fodya wa wina kamodzi kokha, zathera pomwepo."

Azakhali anathamanga kukatuta fodya wawo pa wilibala, mayi n'kumawathandiza kusankhiratu panja. Ine ndinaima pakati ndi tsache. Belo la a Phiri likatuluka, ndinkalowa m'bokosi, kusesa ngodya zonse zinayi, n'kukodola azakhali. Lawo likatuluka, kusesanso, n'kuima pambali ngati palibe chachitika. Fumbi la fodya linandilowa m'mphuno, ndinayetsemula tsiku lonse, manja anada bii ndi utomoni, koma sindinachotse diso pa mulu wa a Phiri kuti ndidziwe atsala pang'ono bwanji.

Chakumasana zinatsala pang'ono kutivuta. Singano yosokera chiguduli inathyoka belo la azakhali lili m'kati, ndipo ndinaona a Phiri akunyamuka ndi fodya wawo. Ndinawatsinzinira bambo. Iwo, munthu amene sindinamumvepo akunama, anaima kutsogolo kwa sikelo nati, "Akulu, taonaninso apa, muviwu ukuoneka ngati ukukunamizani." A Phiri pa nkhani ya sikelo sankagona. Anayeza, kuyezanso, kuitana mwana wawo kuti ayang'ane naye. Pamene ankatsimikiza kuti sikelo ili bwino, mayi anali atasoka ndi singano ina, ine ndasesa, bokosi lili mbee.

Lachinayi, tsiku lathu, tinachitanso chimodzimodzi, ndipo a Phiri eniake anabweretsa fodya wawo wotsala wa mabelo awiri kuti adindidwe pakati pa athu. Lachisanu lole itafika, mabelo a mabanja onse atatu anali pamzere. Azakhali anayenda n'kumagwira lawo lililonse, kenaka anandikoka n'kundipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo. A Phiri anauza dalaivala kuti, "Chaka chino jeke ndinali nayo ndekha masiku awiri." Palibe anawatsutsa.

Lero ndine wofufuza za makompyuta. Ntchito yanga ili pa mapulogalamu a pansi penipeni, amene amagawa makina amodzi kwa anthu ambiri kuti aliyense aziona ngati ndi akeake, wina asaone za mnzake, ndiponso wamng'ono asamanidwe mpata. Zimene ndinkachita ndi tsache, makina amazichita kambirimbiri munthu asanaphethire. Ndalembapo mapepala, ndayankhulapo m'misonkhano ya kutali, ndipo sindibisa, ndimanyadira. Kwathu nako zinasintha: majeke achuluka, ena anasiya fodya n'kuyamba soya, ndipo mwana wamkazi akayankhula pa akulu sizidabwitsanso kwenikweni.

Azakhali anamwalira asanagwirepo kompyuta. Nditayesa kuwafotokozera ntchito yanga, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Nanga wa kumapeto kwa mzere amafikiridwa?" Ndinawayankha kuti inde, azakhali, ndiye ntchito yangayo.