Buku Labuluu M'thumba la Achimwene

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene tinabwerera kwathu ku Zóbuè kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Amayi anasenza miphika, ababa anasenza chitseko cha nyumba yathu ya kumsasa, ine ndinasenza mabuku atatu okulungidwa m'thumba la pulasitiki. Pa katundu yense amene anawoloka malire tsiku limenelo, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti wanga ndiye anali wofunika.

Anali timabuku topyapyala ta Chichewa tofotokoza za mnyamata wina dzina lake Pilirani. M'buku loyamba, lachikuto chofiira, Pilirani anagona tulo pamwamba pa matumba a chimanga m'lole, n'kudzuka ali kutali ndi kwawo. M'lachiwiri, lachikasu, ankaweta mbuzi za nkhalamba ina yaumbombo. M'lachitatu, lobiriwira, anakwera sitima yolakwika, ndipo tsamba lomaliza linamusiya ataima pamphambano osadziwa kolowera. Pansi pake analembapo kuti nkhani ikuthera m'buku lachinayi. Kuseri kwa chikuto anajambulako mabuku onse anayi, ndipo lachinayilo linali labuluu. Limenelo ndiye ndinalibe.

Lofiira anandipatsa aphunzitsi a kumsasa chifukwa chowerenga bwino. Lachikasu ndinalikhetsera thukuta, pakuti ndinatungira madzi mayi wina mpaka khosi kuuma, iye n'kundipatsa litathothoka kale tsamba limodzi lomwe amuna ake anapichira fodya. Lobiriwira ndinasinthanitsa ndi mikanda yanga. Labuluu ndinalisaka msasa wonse, khomo ndi khomo, koma ena ankati analiwonapo kumsasa wina, ena ankati silinasindikizidwe n'komwe.

Pa nkhani ya mabukuwa ndinali woweruza wouma mtima. Lofiira ndinkati ndi labwino koma wolemba wake anathamanga. Lachikasu ndinkati ndi laulesi, mbuzi zinachuluka kuposa nkhani. Lobiriwira linalibe linzake, ndipo mnzanga akayerekeza kutsutsa ndinkamulanda buku ali pakatikati. Ku Zóbuè ukatswiri wangawo unatha ntchito. Kusukulu aphunzitsi ankangoyankhula Chipwitikizi, ine amene ndinkatsogola kumsasa ndinasanduka mbuli ya m'kalasi, anandikhazika pamodzi ndi tiana ta mamina. Ndikaweruka ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe, n'kukamupeza Pilirani akadali chiimire pamphambano paja.

M'nyumba mwathu munali chosowa china chimene sitinkachitchula. Achimwene anga a Domingo anagwidwa ndi anthu amfuti ali kumunda, ine ndikadali wamng'ono moti nkhope yawo sindinkaikumbukira. Anawasenzetsa katundu kulowera nawo kutchire, basi nkhani yawo inathera pomwepo. Amayi sanalire maliro. Ankangotsuka mbale yawo yachitsulo pamodzi ndi zinzake, ngakhale kuti munalibe wodyeramo.

Tsiku lina mayi wogulitsa masau anafika pakhomo n'kunena kuti wawona mnyamata wofanana ndi ababa ku Moatize, akukweza matumba pamalole. Amayi anadwala miyendo tsikulo, choncho ababa ananditenga ine. Sindinasiye mabuku anga, chifukwa ndinkaopa makoswe ndi ana a azakhali.

Kwathu ku Zóbuè ndi kumapiri, m'mawa timadzuka ndi nkhungu. Ku Moatize tinatsikira m'ng'anjo. Fumbi lakuda la malasha linkamata m'mphuno, nthambi za milambe zili tayale popanda tsamba, anthu akuyankhula Chinyungwe chimene ndinkangotolamo mawu apa ndi apo. Achimwene tinawapeza atakhala pansi pa lole, atavala malaya obiriwira ausilikali ong'ambika paphewa. Anali atatula kale mfuti pamodzi ndi anzawo, koma kwawo sanapite. Ababa anagwada pafumbi pomwepo n'kuyamba kulira. Achimwene anangowayang'ana ndwii, ngati munthu wowonerera maliro a m'mudzi wa eni.

"Domingo, mwana wanga, tiye kwathu. Amako akukudikira."

"Ndidzabwera, ababa. Pano ayi."

Ine, posowa chochita, ndinamasula thumba langa n'kuyamba kuwerenga mokweza. Achimwene sankadziwa kuwerenga, pakuti zaka zawo za sukulu zinathera kutchire, koma anasendera pafupi n'kumaloza zithunzi ndi chala chakuda ndi malasha. Tinamaliza lofiira. Lachikasu ndinafuna kulidumpha, ndinawauza kuti ndi la mbuzi zokhazokha, koma iwo anakana, anati nkhalamba yaumbomboyo akuidziwa. Titafika pamphambano paja anadikira kuti nditembenuze tsamba.

"Nanga pitiriza, Luziya."

"Lathera pomwepa, achimwene. Latsala labuluu, ndilibe."

"Ndiye kuti kwawo anafika kapena sanafike?"

"Kaya."

Anatenga lobiriwira, analitembenuza, n'kuyang'anitsitsa kachithunzi ka buku lachinayi nthawi yaitali. Kenaka anati, "Makamiyau a ku Malawi, malole aja, amadutsa pompano. Ndidzakupezera." Amenewo ndiwo mawu aatali kwambiri amene anayankhula tsiku lonselo.

Mvula inagwa, chimanga chinacha, tinakolola. Kenaka uthenga unabwera woti akubwera. Amalume a Faransisiko, alongo awo a amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo anayamba kukonza zoyenera. Ife tinali Akatolika, ababa ankaimba kwaya, koma pa nkhani iyi ngakhale akatekisi ankayang'ana kumbali. Munthu wochokera kunkhondo sankalowa m'mudzi chilowelowe. Ankati magazi amene anawona ndi mizimu ya anthu amene anafera pamaso pake zimamutsatira m'zovala ndi m'katundu, ndipo zikalowa m'nyumba zimayamba ndi ana. Choncho amalume anamanga kachisakasa ka udzu kumapeto kwa munda, pafupi ndi mtsinje. Wobwerayo ankayenera kulowa mmenemo, kuvula zonse, kusiya chilichonse chimene wabwera nacho, kenaka kachisakasako n'kutenthedwa. Akatero ankasamba mankhwala mumtsinje n'kuchoka osacheuka, ndipo za kutchire sankazitchulanso.

Anafika m'mawa, nkhungu isanachoke. Amalume anawaimitsa pansi pa mtengo wa mango, patali ndi nyumba, ife akazi ndi ana titaima m'mbali mwa nkhokwe. Achimwene anali atavala malaya obiriwira aja, koma kumapazi kunalibe nsapato. Maso awo anayendayenda pakati pathu mpaka anandipeza. Anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, n'kutulutsa kanthu, n'kukakweza m'mwamba akumwetulira. Aka kanali koyamba kuwawona mano.

Linali labuluu.

Sindikudziwa kuti miyendo inanyamuka bwanji. Ndinangozindikira kuti azakhali andigwira chakumbuyo, mkono wawo uli pakhosi panga.

"Bweza m'thumba, Domingo," anatero amalume.

"Amalume, ili ndi livuru la mwana. Si la kutchire ayi. Ndalipeza ku Moatize nkhondo itatha kale, kwa motorisita woyendetsa lole ya ku Malawi. Ndinamupatsa nsapato zanga."

"Wakhala ukulisunga kuti?"

"M'thumba muno."

"M'malaya amenewo? Pachifuwa pako, usana ndi usiku?"

Kumwetulira kwa achimwene kuja kunazima pang'onopang'ono. Akanatha kulitumiza ndi mayi wa masau uja miyezi yapitayo, likanafika bwinobwino ndipo palibe akanafunsa. Koma ankafuna kundipatsa okha ndi dzanja lawo, choncho analisunga pamalo amene ankawayesa otetezeka kuposa onse.

Ndinalira, ndinapempha, ndinagwada. Ndinati sindiligwira, achimwene angoima pomwepo azitsegula masamba, ine ndiziwerenga ndili patali. Amalume sanali munthu wankhanza, ndiwo ankandibweretsera nzimbe, ndipo ndinawona kuti pempho langalo linawafika pamtima. Anakanda m'mutu, anayang'ana akuluakulu anzawo, kenaka anapukusa mutu.

"Maso nawonso amatenga, mwana wa mlongo wanga."

Ndinatembenukira kwa ababa, koma iwo anali mkamwini chabe pamudzipo, anangozyolika. Ndinatembenukira kwa amayi. Amayi sanandiyang'ane n'komwe, maso awo anali pa mwana wawo amene sanamukhudze zaka zonsezo.

"Luziya," anatero chapansipansi, "ukufuna buku kapena mlongo wako?"

Funso limenelo silinali loti mwana ayankhe. Ndinkafuna zonse, ndipo sindinkawona chifukwa chimene dziko lalikulu chonchi likanalepherera kundipatsa zonse.

Achimwene anabweza bukulo m'thumba, anamanga batani, n'kutsatira amalume kumunda. Tinawonerera tili kumtunda. Analowa m'kachisakasa, amalume anayatsa udzu, ndipo moto utakwera anawakokera kunja ali chibadwire, n'kuwafunditsa nsalu. Udzu wouma suchedwa. Utsi unali woyera, kenaka unada pamene moto unapeza malaya. Kachidutswa ka pepala lopserera kanauluka ndi mphepo n'kudzatera pa tsamba la chinangwa pafupi ndi ine. Ndisanawerame, azakhali anakagwetsa n'kukapondaponda ndi chidendene.

Madzulo ake kunali chimwemwe. Anapha nkhuku, amayi anatulutsa mbale yachitsulo ija, achimwene anadya atavala malaya atsopano oyera. Anthu ankabwera kudzawagwira chanza. Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndi mabuku anga atatu, ndipo chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti panalibe munthu woti ndimukwiyire. Amalume anachita zimene ankadziwa kuti zipulumutsa ana a m'nyumba, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo. Achimwene anasunga lonjezo lawo, mpaka anayenda opanda nsapato.

Panapita nthawi ndisanalimbe mtima. Tsiku lina tikutong'ola chimanga awiriwiri pakhonde, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa monong'ona.

"Achimwene, munatsegulamo?"

Anapitiriza kutong'ola. Ndinayesa kuti sandiyankha, popeza zinthu za m'kachisakasa zinali zosatchula.

"Tsiku lililonse," anatero. "Zithunzi zokha."

"Ndiye anafika kwawo?"

"Pachithunzi chomaliza waima pakhomo la nyumba, kathumba kali m'manja. Mayi wina ali m'kati."

"Ndiye kuti anafika!"

"Kaya, Luziya. Mawu ake ndiye anali pansipo, ine sindiwerenga. Ndinayang'ana mpaka kutopa, koma sindinadziwe ngati akulowa kapena akutuluka."

Anakhala nafe dzinja limodzi lokha. Ankalima, ankapita kutchalitchi, koma m'nyumba sankakhalitsamo, ankakonda pakhonde moyang'ana msewu. Chimanga chisanache anabwerera ku Moatize. Anakwatira komweko, ndipo kampani ya malasha itafuna malo a nyumba yawo anasamukira ku Cateme, kumene akulima mpaka lero. Amabwera pa maliro ndi pa maukwati, ali ndi imvi tsopano, ndipo chakudya timawapatsira pakhonde chifukwa ndi pomwe amafuna.

Ine ndinaphunzira Chipwitikizi chija mpaka ndinakhala mphunzitsi. M'nyumba mwanga muli mabuku a ana ambirimbiri, ondondozana bwino kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ndipo khalidwe langa loweruza silinathe: ana a m'kalasi mwanga amadziwa kuti ndili ndi mabuku amene ndimawanyoza poyera. Atatu aja alipobe, zikuto zinasuluka. Labuluu ndafunsa m'masitolo a mabuku akale ku Mwanza ndi ku Blantyre, ogulitsa amangondiyang'ana ngati ndikufunsa za munthu amene anamwalira iwo asanabadwe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti moto uja unandilanda ine mathero a nkhani. Tsopano ndimawona kuti amene ankawafuna kwambiri matherowo sanali ine. Munthu sasinthanitsa nsapato ndi buku limene sangathe kuwerenga chifukwa chongokondweretsa kamlongo kake. Achimwene analisenza pachifuwa miyezi yonse ija kuti afike nalo kwa munthu mmodzi amene akanawawerengera mawu a pansi pa chithunzi, amve ngati mnyamata wotayika amaloledwa kulowanso m'nyumba ya amake. Tinawasambitsa, tinawaveka malaya oyera, tinawaphera nkhuku. Koma funso lawo linapsa lisanayankhidwe, wowerenga wake ndili chiimire pafupi ndi nkhokwe, mkono wa azakhali uli pakhosi.