Mafuta ake ati?

Pamene ndikulemba pano, kuseri kwa nyumba yathu kuli dzenje lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo muli madzi. Mwana wanga Tadala sanakwanitse zaka ziwiri. Kuyenda anaphunzira, koma kumva "usapite uko" sanaphunzire.

Dzenjelo tinalifuna tokha, kuti tizisungamo madzi a mvula othirira ndiwo zamasamba m'chilimwe. Lachiwiri kunabwera kathalakitala kakang'ono kochokera ku Namitete, kokhala ndi mkono wokumbira kumbuyo kwake. Kuno anthu akungokatcha katapila. Oyendetsa ake ndi a Kamwendo, bambo ofatsa, a imvi za apo ndi apo. Anati ntchito ndi ya tsiku limodzi, mawa lake timange mpanda.

Kanakumba bwino mpaka cha m'ma teni koloko. Kenako mkono uja unayamba ulesi. Unkanyamuka monjenjemera ngati wodwala malungo akudzuka pamphasa, ndipo pansi pa mpando pankamveka kulira kwina kosiyana ndi kwa injini. A Kamwendo anatsitsira mkono m'dzenje n'kuzimitsa.

Anatifotokozera, ine ndi bambo a Tadala, kuti mkonowo suyenda ndi tcheni kapena lamba, koma ndi mafuta amene pampu imakankha m'mapaipi akuda a pamkonopo. Mafutawo akachepa, pampu imameza mpweya, ndiye kulira kuja. Anatsegula kathanki kakang'ono n'kutionetsa mafuta atatsika, pamwamba pali thovu. Atatero anatsata paipi iliyonse mpaka anapeza podontha. Kamphira kozungulira ngati mphete kanali katang'ambika polumikizira.

Anakwera kabaza kupita ku Namitete kukasaka kamphirako ndi timafuta towonjezera. Ali m'njira anaimbira foni bambo a Tadala. Ine ndinali pompo, ndinamva ndi makutu angawa.

"Achimwene, pansi pa mango pali chigubu chachikasu. Muthiriretu mafuta, kuti ndikafika tisachedwe."

"Musadandaule, bwana."

Basi, foni n'kuduka.

A Kamwendo ankanena dizilo, wothira m'thanki ya kutsogolo. Koma bambo a Tadala anakhala m'mawa wonse akuona kathanki kakang'ono kakutsegulidwa, akumva "mafuta achepa, mafuta achepa." Ananyamula chigubu n'kukhuthulira m'menemo.

Nanga ine? Fungo ndinalimva. Dizilo ndimamudziwa, ndi fungo la kuchigayo. Ndinaonanso kuti akuyenda ngati madzi, pamene aja anationetsa a Kamwendo ankanata kuchala. Mawu anafika pakhosi. Koma ndinadziuza kuti, iwe wa Sitandade sikisi, za makina ungadziwepo chiyani? Ndinangomangitsa nsalu ya mwana kumbuyo n'kukhala chete.

A Kamwendo atabwera anaika kamphira kaja bwinobwino. Potsegula kathanki kuti awonjezere mafuta awo, anaima, n'kununkhiza chotsekera.

"Mwathira chiyani umu?"

"Mafuta, monga munanenera."

"Mafuta ake ati, achimwene?"

Bambo a Tadala analoza chigubu chachikasu chija. A Kamwendo sanakalipe ayi. Anakhala pa tayala, n'kunena kuti mlandu ndi wawonso, akanatchula dzina la mafutawo. Anati mwayi wake injini sinalizidwe, chifukwa dizilo ndi wopyapyala, sangateteze pampu, ikanadyeka mkati. Koma tsopano pafunika kukhetsa zonse za m'kathankimo, kusintha sefa, ndi kupeza chigubu chathunthu cha mafuta a mkono, amene ku Namitete sanawapeze ochuluka chotero. Eni thalakitala anati mpaka atapita m'tauni, mwina Lolemba. Ndipo kathalakitalako sikangasunthe mkono uli m'dzenje.

Lachitatu mvula inagwa. Lachinayi inabwereza.

Tatchinga ndi minga mbali zitatu. Mbali yachinayi ndi imene pali katapila, ndipo pakati pa matayala pali mpata woti mbuzi n'kudutsa. Pamene padutsa mbuzi, Tadala angalephere? Ndimaphika ali kumbuyo, ndimachapa ali kumbuyo. Akalira kuti atsike, ndimamutsitsa diso langa lili pamapazi ake. Dzulo ndinangotembenuka kuti ndiphule madzi pamoto, ndinamupeza wafika kale pangodya ya nyumba, akuloza katapila n'kumati "vuu, vuu." Ndinathamanga n'kumunyamula.

Zonsezi chifukwa cha mawu amodzi.

Taganizani, anzanga. Ophikira ndi mafuta. Odzola ndi mafuta. A m'galimoto, a mu nyale, a nkhumba, onsewo mafuta. Chilankhulo chathu sichinalakwe, chinangotisiyira ntchito yofunsa kuti ake ati. Koma ntchito imeneyi ndi imene timaithawa. Bambo safunsa poopa kuoneka ngati sadziwa pamaso pa bambo mnzake. Mayi safunsa poopa kuuzidwa kuti za amuna zisiyeni. Ndiye tonse timangoti "chabwino," mutu uli gwedegwede, m'mutumo mulibe kanthu.

Makolo anati safunsa anadya phula. Koma masiku ano phulalo sadya wosafunsayo. Amadya ndi mwana amene sanali nawo pokambirana.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri si mafuta ayi, ndi mawu ena ofanana nawo: mankhwala. A chifuwa ndi mankhwala. Opopera fodya ndi mankhwala. Oteteza chimanga ku anankafumbwe, ophera makoswe, onsewo dzina ndi lomwelo. Ndi kangati timatuma munthu kuti, "Kanditengere mankhwala pazenera," pazenerapo pali mabotolo atatu, awiri opanda chizindikiro? Ndi kangati kuchipatala anamwino amatiuza kamwedwe mothamanga, mzere uli wautali, ife n'kuvomera, kenako tikafika panja n'kumafunsa mayi mnzathu amene nayenso sanamve?

Ine ndachitapo. Ndikuganiza kuti inunso.

Bambo a Tadala ndinawauza kuti fungo la dizilo lija ndinalimva. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa chifukwa chimene sindinanenere. Ndinawafunsa ngati akanandimvera. Sindinalimbikire, chifukwa tonse tikudziwa kuti yankho lake silokoma.

Lolemba lili kutali, ndipo mitambo ikuderanso cha ku Msundwe. Maso anga awiri sakukwanira, ndavomereza. Mawa m'mawa ndikukwera naye Tadala kupita kwa amayi ku Nsaru, akakhale komweko mpaka dzenje litamangidwa mpanda mbali zonse zinayi. Sanagonepo kutali ndi ine chibadwire. Adzalira, inenso ndidzalira, koma kumeneko kulibe dzenje.

Inu amene mukuwerenga, pakhomo panu pali chiyani chimene munachiona, mtima n'kugunda, koma n'kukhala chete poopa kusekedwa? Mukudikira chichitike chiyani kuti mufunse?