Kalata ya ku Koleji ndi Bokosi la a Sikweya

A Sikweya akhala akupala matabwa zaka makumi atatu m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yawo. Dzinali anawapatsa ndi akalipentala anzawo, chifukwa sikweya yawo yachitsulo sichoka m'thumba la ovololo, ndipo akafika pakhomo pa munthu amayamba ayeza ngodya ya chitseko asanapereke moni. M'shedimo chida chilichonse chili ndi msomali wake pakhoma. Misomali ili m'zitini malinga ndi kutalika kwake. Ngakhale utuchi uli ndi thumba lake.

Ndiye Mulungu, poti nthabwala amazidziwa, anawapatsa mwana wamkazi wotaya zinthu. Mzime wawoyo mutu ndi wakuthwa ngati lumo, koma manja ndi obooka. Ali ku pulayimale ankapita ndi nsapato ziwiri n'kubwera ndi imodzi. Ku sekondale anataya kope la masamu sabata ya mayeso n'kukhozabe, ndipo a Sikweya zinawawawa chifukwa anasowa pomukalipira.

Kalata yomuitana ku koleji itabwera, mayi ake anavina m'khitchini, koma a Sikweya anakhala pansi n'kuiwerenga kawiri ndi chala. M'munsi mwake munalembedwa ndi zilembo zakuda bii kuti wophunzira abwere ndi kalata yeniyeniyo, ya chidindo chofiira, isanakwane folo koloko pa tsiku lolembetsa. Fotokope salandira, ndipo wochedwa malo ake apatsidwa wina. Panalinso kapepala ka zofunika: mafayilo asanu ndi imodzi, makope, zolembera, lula, sitepula, chobowolera mapepala ndi kalendala ya pakhoma.

"Mayi a ana, mwaona? Mapepala okhaokha," anatero a Sikweya. "Uyu anataya nsapato ili kuphazi. Nanga pepala?"

"Musiyeni mwana, wakula," anayankha akazi awo.

"Wakula msinkhu. Manja ndi omwe aja."

Kuyambira tsikulo a Sikweya anasowa mtendere. M'maganizo ankaona mwana wawo ali pakati pa anthu achilendo, mapepala akuuluka m'khonde, mphunzitsi akumufunsa ntchito imene wapukutira tebulo. Iwo sukulu anaisiyira pa masamu ogawa, ndiye za m'mabuku sakanamuthandiza. Chimene ankadziwa n'chakuti chinthu chikakhala ndi malo ake sichisowa. Anaganiza zomukhomera bokosi: zipinda zisanu ndi chimodzi za mafayilo, kadilowa ka zolembera, kamphako ka sitepula.

Koma a Sikweya sakhulupirira manambala a pa tepi okha. Akamapanga shelefu ya mbale amaitanitsa mbale yeniyeniyo. Akamapanga bedi amagoneka mwini wake pathabwa. Ndiye pofuna kudziwa kukula kwa pepala la ku koleji, anakatenga kalata ija pamwamba pa kabati osauza munthu, n'kuigoneka pansi m'bokosimo. Inakwana ngati inabadwira momwemo. Anatenga kathabwa kopyapyala kotchinga chinyezi n'kukaika pamwamba pake, kungoyesa. Nthawi yomweyo kasitomala anaitana panja za mpando wothyoka mwendo, ndipo nkhani inatalika. Pobwerera anapeza kathabwa kaja kakhala bwino, anakathira guluu m'mbali, anakhoma zipinda pamwamba, mawa lake n'kupaka vanishi kawiri. Kalata ili phee pansi.

Tsiku la ulendo alamu awo anafika m'mawa ndi galimoto. Ulendo wake ndi wa maola asanu msewu ukakhala bwino. Katundu yense anakwera, bokosi lili patebulo kunyezimira, mafayilo ali ndondondo m'zipinda zawo.

"Kalata ili kuti, mwanawe?" anafunsa a Sikweya.

"Ili pakabati, Bambo."

Pakabati panali fumbi ndi batire lakutha.

Anatsitsa sutikesi n'kuikhuthula pansi. Anavundukula matiresi, anasuzumira kuseri kwa kabati, anakutumula makope atsopano limodzilimodzi. Mayi a ana anafika mpaka kudzala, kutokosa zinyalala ndi kamtengo. Alamu ali pakhomo, maso pa wotchi.

"Alamu, eyiti yadutsa. Galimoto yanga si ndege," anatero.

Mzime anali atakhala pakati pa zovala zomwazika, misozi ili chuchuchu. "Bambo, sindinaigwire. Nthawi ino yokha sindinaigwire."

"Inamera miyendo eti?" A Sikweya thukuta linali kamukamu, mtima ukugunda ngati hamala. Zimene ankaopa zinachitika mwana asanatuluke n'komwe pageti. "Zaka zonsezi ndimakuuza chiyani? Chinthu chizikhala ndi malo ake! Taona bokosi ili. Ukanakhala nalo kale sibwenzi tikukumba kudzala. Pepala limakwana ndendende, ndinayeza ndekha ndi..."

Mawu anathera pomwepo. Pakamwa panangotsala yasa.

Akazi awo, amene anali atangolowa ndi kamtengo kaja m'manja, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Munayeza ndi chiyani, bambo a ana?"

A Sikweya anayang'ana bokosi. Bokosi linawayang'ana.

"Ndikufunsatu. Munayeza ndi chiyani?"

"Mwanawe," anatero a Sikweya ndi mawu a munthu wodwala, "chotsa mafayilowo. Unyamule bokosi, tiye kushedi."

Alamu anaseka mpaka kugwira khoma, kenako anaonanso wotchi n'kusiya kuseka.

Kushediko manja a a Sikweya, amene sananjenjemerepo pa sowo, ankavina okha. Bokosi la masabata atatu analigumula m'mphindi khumi. Zipinda zinazuka ndi phokoso ngati dzino. Chimene ankaopa kwambiri chinali guluu. Guluu wawo samata mwachibwana, ndipo ngati anayenderera mpaka pachidindo, ndiye kuti mwana amutsekera koleji ndi manja awoawo.

"Gwira apa. Usagwedeze."

"Amene mukugwedeza ndinu, Bambo."

Analowetsa tchizulo pang'onopang'ono, kathabwa kopyapyala kanalira, kenako kanatukuka. Kalata inali pomwepo, chidindo chili psuu, dzina likuwerengeka. Koma guluu anali atayenderera pansi pake, ndipo msana wonse wa pepala unagwirana ndi thabwa la pansi. A Sikweya anayesa ngodya imodzi ndi chikhadabo, pepala linayamba kung'ambika.

"Siyani!" anakuwa mayi ndi mwana pamodzi.

"Tiinyowetse ndi nthunzi," anatero alamu.

"Chidindo chisungunuke? Inu dziwani za magiya," anatero a Sikweya.

Anaima kaye, kupuma ngati athamanga mtunda. Kenako anatenga sowo n'kudula thabwalo mozungulira kalata, anapala m'mbali kuti lisabaye munthu, n'kulipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri.

"Analemba kuti kalata yeniyeni. Sanalembe kuti isakhale pathabwa." Anamuyang'ana kumaso. "Ndakukalipira pachabe, mwana wanga. Wolakwa ndine."

Mzime anapukuta misozi ndi mkono. "Amayi, mwamva? Mulembe penapake tsiku la lero."

Galimoto inanyamuka teni ili pafupi, mafayilo ali m'katoni ya sopo, Mzime atakumbatira thabwa pachifuwa. A Sikweya tsikulo sanakhome msomali ngakhale umodzi. Anasesa shedi yosesa kale. Anaika foni pabenchi, anaisuntha, anaibwezera. Wani koloko alamu anaimba kuti tayala laphulika. Hafu pasiti thuu foni sinkayankhidwa. Akazi awo anawabweretsera tiyi, anazizira ndi ntchentche momwemo. M'mutu mwawo ankangoona kalaliki wa nkhope yolimba akukankha thabwa n'kuitana wotsatira.

Foni inalira kutatsala mphindi makumi awiri kuti folo ikwane.

"Bambo, andilemba!"

A Sikweya anakhala pathumba la utuchi. "Alandira?"

"Alandira. Ofesi yonse yabwera kudzaona. Koma akalaliki akufunsa kuti thabwali aliika bwanji mufayilo, chobowolera chawo chakanika."

A Sikweya anapukuta nkhope ndi ovololo, mawu n'kubwerera m'malo mwake. "Uwauze asakakamize, athyola chida cha ofesi. Apeze dirilo yaing'ono, mabowo awiri kumanzere. Ndipo ayambe ayeza. Wamva? Apatse foniyo ndiwafotokozere ndekha."