Bowo pansi pa paipi ya pamlatho

Ntchito yanga yoyamba ndinaimva kwa munthu wa kabaza. Ndinkachokera kumsika wa ku Khonjeni, ndipo titatsika kuti tikankhe njinga pachitunda anandiuza kuti ku esiteti ina ya tiyi kwabwera kontilakita wofuna anthu opala dzimbiri pamlatho. Anati akufuna amuna, komabe palibe amene waletsa mkazi kukafunsa. Nthawi imeneyo ndinali nditatha chaka ndi theka pakhomo chilembere mayeso a Fomu 4. Ndinayesako kuthyola tiyi limodzi ndi mayi anga koma sindinakhalitse. Ndinali wopupuluma. Ndikayamba mzere uwu maso amakhala ali kale pa mzere winawo, ndipo kapitawo ankandibwezera dengu kuti ndathyola ndi masamba okhwima omwe.

M'mawa mwake ndinalawira wapansi. Mlathowo unali wachitsulo, wopapatiza, wodutsapo anthu ndi njinga basi. M'mbali mwake, chapansi pang'ono, munadutsa paipi yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yotenga madzi ku thanki ya kumtunda kupita tsidya lina, kumene kunali malayini a nyumba za antchito, sukulu ndi kachipatala. Woyang'anira ntchito anali a Twaibu, bambo wachisilamu wa ku Bvumbwe, wamfupi, wolankhula mosathamanga. Sanafunse za satifiketi. Anandipatsa chidutswa cha chitsulo chodyeka ndi kahamala kosongoka, n'kunena kuti ndichiyeretse. Ndinamaliza mwamsanga, ndikudzitama mumtima. Iwo anachitembenuza, n'kuloza ndi chala kunsi kumene sindinakhudze. Ndinabwereza katatu. Kachitatuko anangogwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndikasankhe ovololo yondikwana.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, mkazi ndine ndekha. Ntchito inali ndi dongosolo lake losasintha. Poyamba tinkagogoda ndi kahamala kuti makoko a dzimbiri agwe. Kenako tinkapala ndi chopalira, n'kukwecha ndi bulashi yawaya, ndipo pamalo ouma kwambiri a Mulipa, wamkulu pakati pathu, ankadutsitsa girayinda yoyendera jenereta. Tikatero sandipepa, kenako kupukuta ndi nsanza yonyika mu thina, mankhwala osungunulira penti, mpaka nsanzayo izibwera yoyera. Penti yoyamba, yofiira ija, inkayenera kupakidwa tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo choyera chikagona pamphepo chimadzuka chitachita kale mawanga achikasu. Yachiwiri inali yotuwa, yachitatu yobiriwira. Pansi pa nsanja ya matabwa imene tinkaimapo tinkakunga tenti kuti zopalazo zisagwere mumtsinje, poti kumunsi amayi ankachapa ndi kutunga.

Zambiri mwa izi sizinali nzeru za a Twaibu okha. Zinali pa pepala la malamulo limene linabwera ndi mayi wina, injiniya wotumidwa kudzayendera ntchito. Mayiyu ankabwera Lolemba lililonse ndi kachida konga foni, kamene akakagunditsa pachitsulo kankasonyeza kuchindikala kwa penti. Akapeza pochepa ankalemba mtanda ndi choko, ife n'kubwereza. Ankawerenganso zolembedwa pa zitini, chifukwa si penti iliyonse yololedwa pafupi ndi madzi akumwa. Anzanga ankamuda mayiyu, ankati sadziwa kuwawa kwa mapewa. Ine ndinkamuopa, komanso ndinkasirira nsapato zake.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chiperoni. Tinayamba ntchito mu Juni, ndipo masiku ambiri nkhungu inkatsika m'minda ya tiyi n'kukuta chigwa chonse, kamvula kakuwaza mosalekeza. Pachitsulo chonyowa sapakapo penti. A Twaibu ankagwira chitsulo cha mlatho ndi kuseri kwa dzanja, n'kutiuza kuti tidikire. Tinkatha kudikira mpaka masana. Anzanga ankasewera bawo yokumba pansi, ine ndikungozungulira, kutsuka mabulashi otsukatsuka kale, kuyang'ana kumwamba. Dzuwa likangosuzumira ndinkalumphira pansanja ngati wothamangitsidwa, ndipo kawiri konse a Twaibu anandidzudzula chifukwa choiwala kukola pachingwe lamba wanga woteteza kugwa.

Tsiku lovutalo linali Lachisanu, sabata yachisanu chiyambire ntchito. Kunacha bwino, ndipo aliyense ankafuna kubweza masiku amene chiperoni chinatidyera. Cha m'ma 11 koloko a Twaibu anakwera njinga yamoto kupita kumzikiti, atandisiyira chigawo cha paipi cha pakati pa mlatho, pamene paipiyo inakhala pa chitsulo chouchirikiza n'kumangidwa ndi lamba wa mabawuti. Malo otere ndi amene dzimbiri limakonda, chifukwa madzi ndi zinyalala zimatsamira pamenepo osauma. Ndinagona chagada pathabwa n'kuyamba kugogoda kunsi. Khoko lalikulu ngati chikhatho linagwa. Ndinadziwa kuti ndiyenera kusiya kaye n'kuyang'ana, koma dzanja linali litapita kale. Nditamenya kachiwiri, kamadzi kowonda ngati ulusi kanandithira kumaso.

Ndinatseka ndi chala. Ndinaitana a Mulipa monong'ona. Atasuzumira anapukusa mutu, n'kunena kuti ndikanena nkhaniyi andichotsa lero lomwe, ndipo mkazi wina sadzalembedwanso pantchito imeneyi. Sananene mwankhanza. Anali ndi ana aakazi atatu ndipo ankandichitira chisoni. Anatulutsa mphira ya chubu cha njinga m'thumba mwawo, n'kundiuza kuti ndikulunge zolimba, ndipukute, ndipake yofiira yambiri. Pofika Lolemba idzakhala itauma, ndipo injiniya sagona chagada pathabwa.

Ndinachita zimenezo. Ndikulemba pano chifukwa ndi zimene zinachitika. Ndinakulunga mphira kasanu, ndinapukuta ndi nsanza, ndinapaka penti mpaka mphirayo inabisika pansi pa lamba wa mabawuti. Kenako ndinakwera kukadya.

Chinangwa changa sichinatsike. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Ndinapita pamlatho ngati ndikukatenga bulashi, n'kusuzumira pansi. Patenti panali kadontho kofiira. Ndinabwerera. Patapita kanthawi ndinapitanso, madontho ali anayi. Ana asukulu ankaweruka, akudutsa pambali panga ndi mabotolo awo a madzi otunga pampopi wa kusukulu, ndipo ndinayamba kuganiza zimene injiniya ananena tsiku lina, kuti paipi yobooka sikuti imangotaya madzi, koma madzi akaphwa mkati imayamwanso zakunja. Zakunjazo tsopano zinali penti yanga yaiwisi, thina ndi mphira yakale. Mchemwali wanga wamkulu anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo sikelo ankapita ku kachipatala komweko.

Njinga ya a Twaibu itamveka, sindinadikire kuti aizimitse. Ndinawauza zonse nditaimirira pamsewu, ndi za mphira zomwe, koma dzina la a Mulipa sindinatchule. A Twaibu anavala lamba, anatsika, anagona chagada pamalo pomwe ndinagona ine, n'kudula mphirayo ndi mpeni. Anagogoda mozungulira bowolo pang'onopang'ono, akumvetsera kulira kwa chitsulo. Atakwera anatembenukira kwa ine.

"Bowoli si lako, Felista. Lakhala likubwera zaka zambiri, hamala yako yangolipeza. Chako ndi mphira ija."

Anaimbira foni injiniya, kenako woyang'anira madzi wa pa esiteti, bambo wina wa mpingo wa Sabata wochokera ku Makwasa. Bamboyu anafika akuyang'ana dzuwa, chifukwa likalowa Sabata layamba ndipo sagwiranso sipanala. Anati chigamba sichigwira poti chitsulo chozungulira bowolo chapyapyala ngati chitini cha mafuta. Pankafunika kudula chigawo chonsecho n'kuikapo china, ndipo paipi yotere inayenera kuchokera ku Limbe. Madzi anayenera kutsekedwa tsiku lomwelo mpaka Lolemba. Anapatsa anthu ola limodzi lotungira za kuchapa, n'kulamula kuti akumwa aphitse, ndipo a Twaibu anatuma ine kuti ndikauze anthu kumalayini.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinayenda khomo ndi khomo ndili ndi penti yofiira m'manja ndi m'tsitsi. Nkhani inali itandipitirira kale. Mayi wina wapampopi, ali ndi mwana kumsana ndi zidebe zitatu pamzere, anandifunsa pamaso pa onse ngati ndine mtsikana woboola paipi uja. Ndinavomera. Anati kuyambira pamene anakwatiwa pa esiteti imeneyi madzi sanasiyepo masiku atatu, ndiye ndiwauze anthu amene anandilemba ntchito kuti abwere adzamusenzere madzi kuchokera kumtsinje. Ena anaseka, ena anayankhula m'Chilomwe poganiza kuti sindikumva. Namwino wa pa kachipatala sanandikalipire. Anangondifunsa kuti mphirayo inakhalapo nthawi yaitali bwanji, n'kuyamba kukhuthula ndowa zimene anatunga masanawo. Kumuona akutaya madzi amenewo kunandipweteka kuposa mawu a mayi uja.

Loweruka ndi Lamlungu sindinakhale pansi. Palibe anandituma, koma ndinabwereka wilibala n'kumatuta madzi kuchokera pa chitsime cha mudzi wapafupi kupita ku kachipatala. Ndinkadikira uthenga wondichotsa ntchito, ndipo njinga yamoto iliyonse yodutsa inkandidzidzimutsa.

Lolemba paipi inafika. Atadula chigawo chakalecho, injiniya anachiika padzuwa n'kutiitana tonse. Kunsi kwake kuwala kunkalowa m'timabowo tambiri tonga ta sefa, totsekedwa ndi dzimbiri lokha. Anafunsa amene anapeza, a Twaibu analoza ine. Anafunsanso za penti yaiwisi imene inali pamenepo, ndipo ndinayankha ndekha. Analemba zonse ziwiri m'lipoti lake. Kenako analamula kuti malamba onse a paipi amasulidwe limodzilimodzi ndi kuyang'anidwa kunsi tisanapakenso penti, ndiponso kuti paipi itsukidwe ndi mankhwala asanatsegulire anthu madzi. Tinapeza malo ena awiri odyeka chimodzimodzi. Ntchito inatalika ndi masabata atatu. A Mulipa sanandilankhule masiku angapo, kenako tsiku lina anangondipatsa magalasi awo oteteza maso n'kuyamba kundiphunzitsa kagwiridwe ka girayinda.

Sanandichotse. A Twaibu anandiletsa kugwira bulashi ya penti mpaka mlatho utatha, ndipo ntchito yanga inakhala yogona chagada ndi kahamala, kugogoda ndi kumvetsera. Kwa munthu wopupuluma ngati ine chinali chilango chenicheni. Koma m'masabata amenewo khutu langa linaphunzira kusiyanitsa chitsulo chamoyo, chimene chimalira ngati belu, ndi chodyeka, chimene chimangoti phu ngati dzungu.

Papita zaka, ndipo ndagwira pa matanki ndi milatho ingapo kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kupupuluma sikunandichoke konse, chiperoni chikatsika ndimazungulirabe. Koma munthu watsopano akabwera m'gulu langa ndimamuuza chinthu chimodzi tsiku loyamba, asanavale ovololo: ukaboola, ukathyola, ukaona chimene sukuchimvetsa, ika chida pansi undiitane, ndipo sindidzakukalipira chifukwa cha bowo. Ndimatero chifukwa ndikudziwa kutalika kwa maola awiri amene ndinakhala ndi chinangwa m'manja ndikuwerenga madontho patenti, ana a anthu akumwa madziwo.