Orville wa Pamlatho wa Njanji

Orville Brandmeyer anabadwira kumunsi kwa tauni yathu, kumene misewu inkayera mbuu ndi zigoba za nkhono zobowokabowoka. Bambo ake ankadula mabatani m'zigobazo, ngati amuna ambiri a mbali ino ya mtsinje wa Mississippi. Mabatani apulasitiki atabwera, mafakitale anayamba kutseka, anthu n'kumasamuka. Mkulu wake analowera ku Chicago, mlongo wake anakwatiwa ku Omaha. Orville anatsala, chifukwa mayi ake anakana kusiya manda a amuna awo.

Ntchito anaipeza pamlatho wa njanji, uja umatembenuka pakati kuti sitima zapamadzi zidutse. Ankakhala yekha m'kanyumba ka pamwamba pa zitsulo. Sitima yokankha mabwato a chimanga ikayandikira, woyendetsa ankaitana pa wailesi, Orville n'kutsegula. Ambiri ankangotchula dzina la sitima basi. Koma panali wina wa ku Louisiana, Alcide Guidry, amene pakamwa sipankatseka.

"Kodi kadzidzi wapamlatho ali maso?"

"Ndili maso, achimwene. Chaka chino mwaphunzira kuwongolera, kapena ndichotseretu mlatho wonsewu?"

"Tsegula iwe. Kwanu kuno kukuzizira ngati mumandisungira chakukhosi."

Ankacheza mpaka sitima itakhota kuseri kwa chilumba. Alcide ankakamba za ana ake aakazi, za nkhanu zatsabola zimene mkazi wake Odile ankaphika. Orville ankangoyankha mwachidule, koma tsiku limenelo ankabwerera kunyumba akuimba mluzu. Nkhope ya mnzakeyo sankaidziwa. Ankangoona chipewa ndi dzanja likugwedezeka pawindo.

Mayi ake atamwalira, pamaliro tinalipo ochepa. Achibale anagona usiku umodzi n'kubwerera. Patapita masiku, sitima ya Alcide inatulukira, ndipo Orville anamuuza za malirowo pa wailesi pomwepo. Kenako Alcide anati, "Pepa m'bale wanga," ndipo analiza lipenga la sitima motalika, mpaka agalu a m'tauni anayamba kuuwa.

Nyengo yachisanu madzi amumtsinje amaundana n'kuuma gwa, sitima siziyenda. Miyezi imeneyo Orville ankangothira mafuta m'makina, n'kumadya yekha palesitilanti ya pafupi ndi nkhokwe za chimanga, atakhala moyang'ana khoma.

Chaka china madzi atasungunuka, sitima ija inabwera ndi mawu achilendo. Orville anafunsa za Alcide.

"A Guidry anadwala sitiroko, bambo. Sadzabwereranso pamtsinje."

Orville, munthu amene anali asanapitirirepo mzinda wa St. Louis, anapempha tchuthi, nakwera galimoto yake yakale kulowera kummwera. Anafunsira njira mpaka anapeza nyumbayo, yomangidwa pamitengo, m'mbali mwa dambo. Odile anamuyang'ana mokayikira.

"Ndine wapamlatho wa ku Iowa, mayi."

"Ndinu kadzidzi uja? Lowani, bambo, lowani. Ine ndinkayesa ndinu nkhalamba."

Alcide anali pampando wamatayala, kamunthu kochepa thupi, kadazi, pakamwa patapotoka. Kulankhula sankatha. Anamuyang'ana mlendoyo ngati wogulitsa malonda. Koma Orville atangopereka moni, maso a wodwalayo anadzaza misozi, dzanja lake losapuwala n'kugwira malaya ake osafuna kusiya.

Apa Orville, munthu wosowa mawu, anayenera kulankhula yekha. Anafotokoza mmene madzi anasefukira chaka chimenecho, za fakitale yanyama imene inali itangotseka, za ziwombankhanga zimene zinabwerera pachilumba. Nkhani zitamuthera anayambiranso zomwezo. Odile anamuphikira nkhanu zija, ndipo tsabola anamukhetsa thukuta mpaka Alcide anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Anakhalako masiku angapo, n'kubwerera kuntchito.

Alcide anamwalira chisanu chotsatira chisanafike. Odile anaimba foni pamlatho pomwepo, masana, sitima ina ikudikira. Orville anatsegula kaye, sitimayo inadutsa, anatseka, kenako anakhala pansi.

Anagwirabe ntchito zaka zingapo, mpaka eni njanji anaika makina otsegulira mlatho ali kutali. Panopa amakhala moyandikana nane, m'nyumba ya mayi ake ija. Kumtsinje sapita. Amalima tomato wambiri woti munthu mmodzi sangamalize, ndipo amandisiyira pakhonde m'pepala, osagogoda. Ndikamuitana kuti tidzamwe khofi amati mawa.