Kuponi ya Petulo ya Mayi Entwistle

A Clifford Ormerod amakhala nyumba yoyang'anana ndi yanga kuno ku Accrington, ndipo ndinene poyera, mkulu ameneyu amandiwawitsa mtima. Sanandilakwirepo ayi. Chondipweteka n'chakuti zinthu zimangomuyendera, chonsecho sasamala kanthu.

Anayendetsa basi mpaka kupuma ntchito, akazi awo anamwalira kalekale, ana ali ku Leeds. Ali ndi kagalimoto kobiriwira, dzimbiri m'munsi mwa zitseko, mpando wakumbuyo ubweya wa galu wokhawokha. Kutsuka amadikira mvula. Nanga mafuta? Amathira ku supamaketi! Ine yanga ndimaipukuta Lamlungu lililonse, petulo ndimakathira kutsidya kwa tauni pa filingi ya kampani yodziwika, uja wodula wokhala ndi mankhwala otsuka injini.

"Akulu, mukuipha injiniyo," ndinkawauza.

"Aa, a Norman, petulo ndi petulo basi," ankayankha akuseka. "Inu mumalipirira chikwangwani."

Chaka chilichonse akapita nako kokayezetsa ngati kali koyenera kuyenda pamsewu, kagalimoto kadzimbiri kameneka kamapambana. Yanga amaipeza ndi kena kake. Muziona!

Kenaka m'nyumba yakumapeto kwa msewu munalowa mayi Beryl Entwistle, amasiye, amene kale ankaphika kusukulu. Ine sindinakwatirepo, ndipo ndinali nditazolowera. Koma mayi amenewa akaseka, ndinkapezeka ndikupukuta galasi lomwe ndapukuta kale. Ndinayamba kuwatulutsira bini ya zinyalala. Mawu enieniwo ndinkati ndidzanena nthawi ikakwana.

Mayiwo galimoto analibe. Lachisanu ankapita ku supamaketi pa basi, n'kubwera atalemedwa ndi majumbo. Paja kumeneko ukagula zambiri amakupatsa kuponi yotsitsira mtengo wa petulo pa mapampu awo. Tsiku lina anaima pageti panga, majumbo pansi, kapepala m'manja.

"A Norman, kuponi iyi ine ndilibe nayo ntchito. Ikutha Lachisanu likudzali." Ananditambasulira kapepalako. "Inenso ndi tsiku limene ndimakagula zinthu."

"Zikomo mayi, koma galimoto yanga simwa zimenezo," ndinatero. Ndiye ndinawafotokozera bwinobwino za mwaye umene umamatira m'kati mwa injini, mpaka kutsegula boneti kuti aone okha kuyera kwake. Anamvetsera mwaulemu, n'kunyamula majumbo awo, kuoloka msewu.

A Ormerod anali pakhonde ndi galu wawo. Mawu awo ndinawamva ndili pompo.

"Ee, mwandithandizatu mayi! Ndiye tipitire limodzi, muvutikirenji ndi basi?"

M'mawa mwake ndinaona zimene sindinaonepo chibadwire: a Ormerod ndi ndowa ya madzi a sopo, akutsuka galimoto, kunja kulibe ngakhale mtambo. Mpando wakumbuyo anausesa.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndinkaima kuseri kwa katani. Ankanyamuka m'mawa, kubwera masana, chifukwa akathira mafuta ankakhala m'kalesitilanti ka mu supamaketimo, tiyi ndi masikono. Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndinkapempha mumtima kuti kagalimotoko kafe pa njira, makamaka mvula ikugwa, ine ndifike ndi yanga yonyezimira ndiwatenge mayiwo. Ndinaika ndi chingwe chokokera mu buti. Koma ayi ndithu. Anapita mpaka ku Morecambe, kutali kunyanja, kokadya nsomba ndi tchipisi, n'kubwerako kakulira bwinobwino ngati katsopano.

Chilimwe chisanathe, anagogoda pakhomo panga onse awiri.

"Achimwene," anatero a Ormerod, chipewa m'manja, "tikumanga ukwati. Ndiye a Beryl akuti mumsewu muno galimoto yokongola ndi yanu. Mungawatengeko tsikulo?"

"Yawoyi ndi ya Lachisanu," anawonjezera mayiwo akuseka. "Ya ukwati ikhale yanu."

Ndikanati chiyani? Ndinavomera. Potuluka, a Ormerod anandipanikiza kuti mafuta athira ndi iwo, munthu sungayendetse mkwatibwi ndi petulo wako. Kukana kunandikanika. Tinapitira limodzi ku supamaketi, iwo n'kutulutsa kuponi ya mayi Entwistle, n'kudzaza thanki yanga mpaka pakamwa, ine nditayang'ana kumbali.

Tsiku la ukwati ndinamanga maliboni oyera pa boneti. Mayiwo anakhala kumbuyo, maluwa pamiyendo, akunena za nyumba imene adzagulitse ndi kumene galu azidzagona. Ine sindinkamva zambiri. Khutu linali pa injini, njira yonse, pa chitunda, pa maloboti, kudikira kuti itsokomole ngakhale kamodzi, kuti mwina zioneke kuti ndinali ndi chifukwa chokanira kuponi ija.

Sinatsokomole. Inawafikitsa pakhomo pa tchalitchi nthawi yabwino, a Ormerod atayima kale pamasitepe.