Mzere umene Amayi sankautseka

Ndikukumbukira chisakasa chathu cha pachionetsero cha zaulimi pa boma ku Ntcheu, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Wandikumbutsa ndi mwana wanga Tadala. Kutchalitchi kwathu kunja kuno, ku Wakefield, anakonza tsiku la mitundu ya anthu, loti dziko lililonse likhale ndi tebulo lake m'holo, ndi khoma la katoni kumbuyo kwake. La Malawi anatipatsa ife. Tadala anabadwira konkuno, ndikamulankhula Chichewa amamva zonse koma kuyankha ndi m'Chingerezi. Anandionetsa pafoni zithunzi za zionetsero zikuluzikulu za padziko lonse, kumene dziko lililonse limamanga nyumba yake kuti anthu akaiona adziwe kuti eni ake ndi anthu otani. Zina zinali zagalasi zokhazokha, zina zosemedwasemedwa. Iye anakonda zagalasizo. Akuti nyumba yabwino siifuna zokongoletsa, ndiye khoma lathu tingolisiya loyera, mbendera pakati, basi. Ndinaseka, koma mtima unali utafika kale ku Ntcheu.

Amayi anga sankadziwa kwawo. Mayi awo anamwalira iwo ali kamwana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, ndipo wachibale wina anawatenga kupita nawo kuminda ya tiyi ku Thyolo. Wachibaleyo naye sanakhalitse, anamwalira. Amayi anakulira m'manja mwa anthu achifundo mpaka anakumana ndi Abambo, amene anawabweretsa ku Ntcheu. Dzina la mudzi wawo linawathawa. Ankangodziwa kuti ndi chakumalire, kozizira, ndipo kuti anali ndi mkulu wawo wamkazi dzina lake Felesiya. Chimodzi chokha chimene anachoka nacho kwawoko chinali m'zala: maluwa a pakhoma amene ankaona mayi awo akujambula ndi dothi.

Sanali maluwa enieni ayi, timangowatchula choncho. Unali mzere wofiira wa katondo wokwera ndi kutsika ngati mapiri, pansi pake timadontho toyera tisanutisanu todinda ndi nsonga za zala, ndiye mzere wakuda wa mtsiro wozungulira zonsezo. Koma mzere wakudawo sunkakumana. Pakona ya kumanzere, m'munsi, Amayi ankasiya mpata wokwana chikhatho. Pakhoma la nyumba yathu zinali choncho chaka ndi chaka, ndipo ine ndinkangoti mwina dothi limawathera.

Chaka chimenecho gulu la amayi a m'mudzi mwathu linaitanidwa kuchionetsero. Gulu lililonse linkamanga chisakasa chake pabwalo, n'kuikamo mtedza, nyemba, kachewere, madoilo ndi majuzi oluka. Athu anaimika bango kutsogolo n'kulimata, kuti pakhale kakhoma. Katauma, onse anati ajambule ndi amake Esinati. Esinatiyo ndine. Ndinaona Amayi akusangalala mwa mtundu wina. Kwa masiku awiri tinkasenza dothi m'mabeseni, loyera kuchokera kudambo, katondo kuchokera kuchulu. Mphepo ya Julaye inkang'amba milomo, madzi osakanizira dothi ankaluma zala, koma iwo ankajambula akuimba nyimbo ya kumvano motsitsa. Fungo la mtsiro wonyowa ndimalimvabe mpaka lero, makamaka kuno mvula ikagwa pa njerwa zakalezi.

Tsiku loti mawa chionetsero, masana, kunabwera alangizi pa njinga yamoto kudzayendera zisakasa. Anali bambo abwino, koma okonda zinthu zowongoka. Amayi ndi anzawo anali atapita kumjigo, ine ndinatsala kulondera mbuzi kuti zisadye zoonetsa. Alangizi anaima, manja m'chiuno.

"Zokongola ndithu," anatero. "Koma apa bwanji sanamalize? Oweruza akaona adzati ndi ulesi. Taonani anzanu uko."

Anandilozera chisakasa cha gulu la pa boma, chimene anachikuta ndi mapepala amitundumitundu ogula kusitolo, akuwuluka ndi mphepo ngati ukwati. Ine manyazi anandigwira. Pajatu kusukulu ndinali katswiri wa rula, aphunzitsi ankandituma kulemba mizere pabolodi. Alangizi atangochoka ndinatenga beseni la mtsiro, n'kuthiramo timadzi, n'kutseka mpata uja bwinobwino. Mzere wanga unawongoka kuposa wa Amayi, ndikunena zoona. Ndinasamba m'manja n'kukhala pansi, kudikira kuyamikiridwa.

Amayi atafika anatula ndowa, anayang'ana khoma, ndipo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro.

"Ndani watseka?"

"Ndine, Amayi. Alangizi anati simunamalize."

"Alangizi amadziwa za feteleza. Bwera kuno."

Ndinasendera ndikuyembekeza khofi. M'malo mwake anandigwira dzanja, lomwe linali ndi mtsiro m'zikhadabo, n'kundiuza zimene anali asanandiuzepo. Anati chifukwa chimene mpatawo umasiyidwira iwo sachidziwa, koma mayi awo ankausiya, ndipo sanaonepo kwina kulikonse anthu akujambula choncho. Kuchionetsero kumabwera anthu ochokera kutali, ena mpaka tsidya la malire. Iwo kulemba sadziwa, sangapachike chikwangwani chofunsa ngati alipo wodziwa kwawo. Khoma lija ndiye inali kalata yawo. Anali atapemphera mwezi wathunthu kuti Mulungu atumize munthu woti aiwerenge.

"Ndiye iwe ndi rula yakoyo wafufuta adiresi," anatero, akuseka uku misozi ili m'maso.

Ndinalira kwambiri moti amayi ena anabwera kudzafunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira. Amayi anandipatsa kachitsotso ndi madzi. "Watseka ndiwe, utsegulanso ndiwe." Ndinakanda pang'onopang'ono mpaka mtsiro wanga unachoka. Panatsala chipsera chotuwa, chosakongola n'komwe. Mayi wina wa m'gulu anadandaula kuti tsopano mphoto yatidutsa basi. Amayi anati idutse.

Inatidutsadi. Khasu ndi keni yothirira zinapita kwa a mapepala aja. Tsiku loyamba lonse Amayi anaima pambali pa khoma lawo ngati mlonda, akuyang'ana nkhope ya mayi aliyense wodutsa. Anthu ankafunsa za kachewere, ena za madoilo. Za khoma ankangoti zokongola, n'kumapita. Madzulo tikubwerera, njira yonse ine ndinkati chipsera changa chija ndicho chaononga.

Tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka, anthu ena atayamba kale kumanga katundu, kunadutsa mayi wina wachikulire atasenza miphika yogulitsa. Anadutsa, anabwerera, anatula miphika. Sanayang'ane mapiri ofiira kapena timadontho. Anawerama n'kuika chikhatho chake pa mpata paja.

"Ali kutali ndani pakhomo panu?" anafunsa.

Amayi sanamvetse. Mayiyo anafotokoza kuti kwawo, m'midzi ingapo ya kuseri kwa phiri chakumalire ku Dedza, akazi satseka mzere wa pakhoma ngati wina wa pakhomopo ali kutali. Zinayamba kale, amuna akupita kumigodi. Mzere umatsekedwa tsiku limene munthuyo wabwera. Agogo anga aakazi ankausiyira mwamuna wawo, amene anapita osabwerako.

Amayi anatchula dzina limodzi lokha limene anali nalo.

"Felesiya wake uti? Wamfupi, wa mpata kumano? Amene mng'ono wake anatengedwa kupita ku tiyi?" Mayi uja anaomba m'manja. "Inu! Ameneyo timamuseka kuti khoma lake silidzatha mpaka Yesu adzabwere!"

Anzanga, pamenepo Amayi anagwada pafumbi pomwepo, pakati pa makoko a nzimbe, n'kuyamba kupemphera mokweza. Ine ndinagwada nawo. Mayi wa miphika nayenso anagwada, ngakhale ankayang'anitsitsa miphika yake ndi diso limodzi kuopa ana.

Patapita milungu itatu tinapita, ine ndi Amayi ndi Abambo, pa basi kenako wapansi. Nyumba tinaizindikira tisanafunse munthu. Mapiri ofiira, timadontho tisanutisanu, mzere wakuda, ndi mpata pakona ya kumanzere. Amayi aakulu a Felesiya anali akupeta mapira pakhonde. Za kulira ndi kukumbatirana sindingathe kuzilemba. Chimene ndimachiona bwino mpaka lero ndi cha mawa lake m'mawa. Amayi aakulu anasakaniza mtsiro m'phale, anagwira dzanja la mng'ono wawo, n'kuviika zala za onse awiri. Anatseka limodzi. Mzere wake unali wokhotakhota, ndipo ine wa rula sindinaone cholakwika chilichonse.

Amayi anatisiya kalekale, Amayi aakulu nawonso. Kumudzi tsopano nyumba zambiri ndi za njerwa zootcha ndi penti, ndipo atsikana sadziwa kumene mtsiro umakumbidwa. Sindikudandaula ayi, malata sadontha, ndipo ndimathokoza Mulungu pa zimenezo. Ine ndili kuno, ndimasambitsa ndi kudyetsa agogo achizungu kunyumba yosamalira okalamba, pamene bambo a Tadala amagwira ntchito ya unesi kuchipatala. Makoma a nyumba ya lendi saloleza ngakhale kukhoma msomali.

Nkhaniyi ndinamufotokozera Tadala titakhala kukhitchini, ine nditangoweruka kushifiti, nsapato ndisanavule. Loweruka lake anabwera ndi timabotolo titatu ta penti wa ana asukulu, wofiira, woyera ndi wakuda, n'kuyala katoni pansi. Anatenga burashi, ine ndinati ayi mwanawe, izi n'zazala. Anakwinya nkhope ngati ndamuuza kuti agwire chule, koma anaviika. Timadontho take tinatuluka tokongola kuposa tanga.

Titafika pakona ya kumanzere anaima, chala chakuda chili m'mwamba. Ndinaona kuti akufunafuna mawu, ndipo anawapeza m'Chichewa chake chopindikacho.

"Amami, ali kutali ndani?"

Ndinaganiza za mchemwali wanga ku Ntcheu, amene chaka chilichonse amakajambula kakhoma ka khitchini ya Amayi, n'kunditumizira chithunzi pafoni, mpata uli pomwepo.

"Ndife, mwanangu," ndinatero. "Usatseke."

Patsikulo m'holo muja a ku Nigeria anatiposa ndi nsalu zawo zonyezimira, ndipo sitikanalimbana nawo. Koma Tadala anaima pambali pa katoni yathu tsiku lonse, akuyang'ana nkhope ya aliyense wodutsa.